Mmene kagulu kolemba mapulogalamu kangayezere ndi kukonza kagwiridwe kake ka ntchito

Pa 5 Epulo 2024, tsiku Lachisanu, Reserve Bank of Zimbabwe inalengeza ndalama yatsopano ya ZiG. Ife olemba mapulogalamu a mashopu, a fizi ya sukulu ndi a malipiro muno mu Harare tinadziwiratu kuti sitigona. Kwathu tinali anthu asanu m'kaofesi ka zipinda ziwiri ku Eastlea. Tinasintha pulogalamu Loweruka ndi Lamlungu kuti igwirizane ndi ndalama yatsopanoyo, n'kuitumiza kwa makasitomala usiku, ndipo Lolemba m'mawa foni inayamba kulira. Malisiti a shopu ina ya zipangizo zomangira ankatuluka ndi msonkho wolakwika. Titafufuza tinapeza kuti mnzathu wina anali atakonza kawerengedwe ka msonkhowo miyezi iwiri m'mbuyomo, ali ku shopu komweko, koma code yake, kutanthauza malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu, inatsalira pa laputopu yake. Zimene tinatumiza ife zinakafafaniza ntchito yakeyo.

Panalibe waulesi pakati pathu, panalibenso mbuli. Chodwala chinali njira imene ntchito imadutsamo kuchokera pakamwa pa kasitomala kukafika pa kompyuta yake. Akatswiri akhala akufufuza za njira imeneyi kwa zaka pafupifupi 50, ndipo zambiri zimene anapeza zikhoza kuthandiza kagulu ka anthu atatu kapena khumi popanda kulipira mlangizi. Ndikulemba makamaka kwa anzanga a ku Mabvuku, Tafara, Highfield ndi Mufakose amene mu ofesi timalankhula Chishona ndi Chingerezi koma tikakumana patokha timabwerera ku Chichewa cha agogo athu.

Choyamba: lembani mmene ntchito ikuyendera lero

Musayambe ndi kukopera malamulo a pa intaneti. Tengani ntchito zisanu kapena khumi zimene mwamaliza posachedwa, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo mulondole iliyonse ngati mlenje pa mapazi a nyama. Pempho linabwera liti, ndipo linadzera kuti? Nthawi zambiri mupeza kuti linabwera ngati mawu ojambula pa WhatsApp, pa foni ya munthu mmodzi, usiku. Ndani anavomera kuti ichitike? Inayambika liti? Ndani anaiyesa isanapite? Inafika liti kwa kasitomala, ndipo inabwererako kangati?

Masiku amenewa musawatenge m'mutu. Mutu umanama, umakumbukira tsiku limene munatuluka thukuta n'kuiwala masabata awiri amene ntchito inangokhala kudikira yankho. Tsegulani WhatsApp, imelo ndi mbiri ya Git (chida chosungira code ndi zosintha zake zonse) ngati muli nayo, mutenge masiku enieni. Kenako jambulani njirayo pa bolodi kapena pa pepala lalikulu, bokosi ndi bokosi, ndipo pakati pa mabokosi mulembe masiku amene ntchito inadikira. Ife titachita izi tinadabwa kuona kuti kulemba code kunkatenga kanthawi kochepa. Nthawi yambiri inkathera m'kudikira: kudikira kasitomala afotokoze, kudikira bwana avomere, kudikira magetsi.

Chitani zimenezi nonse pamodzi, ndipo mupatule maola awiri athunthu. Aliyense amadziwa chigawo chake chokha cha njirayo.

Chachiwiri: dziyezeni ndi muyezo wa msinkhu wanu

Apa m'pofunika kudziwa kumene miyezoyi inachokera, kuti musanyamule katundu amene si wanu. Mu 1984 boma la America, kudzera mu dipatimenti yake ya chitetezo, linakhazikitsa Software Engineering Institute pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh. Asilikali anali atatopa ndi makampani amene ankapambana ma tenda (mipikisano yopezera makontirakiti) n'kumachedwetsa mapulogalamu komanso kupitirira bajeti. Watts Humphrey, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku IBM, anapita kumeneko mu 1986, ndipo mfundo yake inali yakuti ubwino wa pulogalamu umadalira ubwino wa njira imene yapangidwira. Pa ntchito yakeyo panatuluka muyezo wotchedwa Capability Maturity Model, mwachidule CMM, mu 1991, umene pambuyo pake unasanduka CMMI.

Muyezowu umaika kampani pa imodzi mwa masitepe asanu. Pa sitepe yoyamba zinthu zimatheka chifukwa cha ngwazi imodzi yosagona, ndipo ngwaziyo ikadwala kapena ikapita ku Johannesburg zonse zimaima. Pa yachiwiri pulojekiti iliyonse imakonzedwa ndi kulondolozedwa. Pa yachitatu kampani yonse ili ndi njira imodzi yolembedwa imene aliyense amaidziwa. Pa yachinayi ntchito imayendetsedwa ndi manambala, ndipo pa yachisanu kukonza njirayo kwasanduka chizolowezi. Makampani ambiri a ku India anathamangira sitepe yachisanu chifukwa inkawatsegulira makomo a makasitomala a ku America. Koma kuyesedwa mwalamulo pa CMMI kumafuna woyesa wovomerezeka ndi ndalama zambiri, ndipo kagulu ka anthu asanu kakhoza kumira m'mapepala kasanalembe mzere umodzi wa code.

Muyezo umene ndimalimbikitsa ndi ISO/IEC 29110, wochokera ku ISO ndi IEC, mabungwe a miyezo a padziko lonse, umene unalembedwera magulu a anthu osapitirira 25. Unayamba kutuluka cha mu 2011, ndipo maziko ake anatengedwa ku MoProSoft, muyezo umene dziko la Mexico linapangira makampani ake aang'ono. Gawo lake lotchedwa Basic lili ndi zinthu ziwiri zokha: kayendetsedwe ka pulojekiti ndi kapangidwe ka pulogalamu. Kuchokera pa ziwirizi dzilembereni mafunso osapitirira khumi ndi awiri. Kodi pali pepala limene ife ndi kasitomala tinagwirizana la zimene tipange? Kasitomala akasintha maganizo, kusinthako kumalembedwa kuti? Kodi code yonse ili pamalo amodzi, ndipo ili ndi kope lina kunja kwa ofesi? Tisanatumize, pali mndandanda wa zoyesa? Kodi kasitomala amavomereza molemba kuti walandira?

Poyankha, bwerekani kagoleredwe ka muyezo wina, ISO/IEC 15504, umene ambiri amautcha SPICE ndipo tsopano unalowedwa m'malo ndi banja la ISO/IEC 33000. Iwo sufuna yankho la eya kapena ayi. Uli ndi magoli anayi: N ngati chinthucho chikuchitika mosapitirira 15 peresenti, P ngati chili pakati pa 15 ndi 50, L pakati pa 50 ndi 85, ndi F ngati chapitirira 85. Choncho pa ntchito khumi zija, ngati zitatu zokha zinali ndi mgwirizano wolembedwa, goli lanu ndi P, ngakhale bwana alumbire kuti "timalemba nthawi zonse". Lamulo ndi limodzi: palibe umboni, palibe goli. Wonena kuti tinayesa aonetse pamene analemba zotsatira.

Chachitatu: sankhani bala limodzi

Mukamaliza kugoletsa mupeza ma N ndi ma P ambiri, ndipo mtima ufuna kukonza zonse mwezi uno. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani vuto limodzi, limene likukudyerani ndalama kapena makasitomala kwambiri.

Njira yosandutsira vutolo kukhala chinthu choyezeka inachokera kwa Victor Basili wa ku University of Maryland. Kuyambira mu 1976 iye ndi anzake ankafufuza mapulojekiti enieni a NASA ku Goddard Space Flight Center, mu labotale yotchedwa Software Engineering Laboratory, ndipo anaona kuti anthu amasonkhanitsa manambala ambiri osadziwa kuti awagwiritsa ntchito yanji. Mu 1984 iye ndi David Weiss anafalitsa njira imene inadzatchedwa GQM (Goal, Question, Metric: cholinga, funso, nambala). Mumayamba ndi cholinga. Kuchokera ku cholingacho mumatulutsa mafunso. Manambala amabwera pomaliza, ndipo nambala imene siikuyankha funso lililonse mumaitaya.

Tiyerekeze cholinga chanu n'chakuti zosintha zimene mumatumiza kwa eni mashopu zisiye kuwasokonezera malonda. Mafunso akhoza kukhala atatu. Pa zosintha zimene timatumiza, ndi zingati zimabweretsa dandaulo? Zolakwikazo zimalowera pati: sitinamve bwino pempho, tinalakwitsa code, kapena tinalakwitsa potumiza? Zikalakwika, pamapita maola angati shopu isanayambenso kugulitsa bwinobwino? Funso lililonse lili ndi nambala yake imodzi, ndipo zatha. Simukufunika kuwerenga mizere ya code imene munthu walemba pa tsiku. Nambala imeneyo imangolimbikitsa anthu kulemba zambiri zosafunika.

Chachinayi: yezani kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi musanasinthe kanthu

Ichi ndiye chovuta kupirira, chifukwa mwaliona kale vuto ndipo manja akuyabwa. Koma mukasintha lero, mawa mudzafanizira ndi chiyani?

Tsegulani spreadsheet (tebulo la pa kompyuta) imodzi, mzere umodzi pa ntchito iliyonse. Muikemo tsiku la pempho, tsiku loyamba ntchito, tsiku lotumiza, ngati inabwerera, chifukwa chimene inabwerera, ndi maola amene anapita kuti ikonzeke. Munthu mmodzi akhale mwini wa spreadsheet imeneyi, koma aliyense azilemba yekha mzere wake tsiku lomwelo. Kulemba kukamatenga mphindi zopitirira zisanu patsiku, dziwani kuti mwachulutsa ndipo anthu asiya.

Ngati mukusowa poyambira, pali miyezo inayi imene inatchuka chifukwa cha kafukufuku wa gulu la DORA, la Nicole Forsgren, Jez Humble ndi Gene Kim, limene Google inaligula mu 2018. Iwo ankafunsa anthu masauzande ambiri ogwira ntchito za mapulogalamu chaka ndi chaka. Miyezoyo ndi iyi: mumatumiza zosintha kangati, pamapita nthawi yaitali bwanji kuchokera pamene code yalembedwa kufika pamene ikugwira ntchito kwa kasitomala, ndi zosintha zingati pa 100 zimene zimabweretsa vuto, ndiponso mumachira msanga bwanji zikavuta. Chimene anapeza, chomwe ambiri sankachiyembekezera, n'chakuti magulu otumiza pafupipafupi ndi omwenso zinthu siziwawonongekera kawirikawiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: chosintha chaching'ono n'chosavuta kuchiyesa, ndipo chikalakwika mumadziwa pofufuza. Mungokumbukira kuti zotsatirazi zinachokera ku mayankho a anthu, ambiri a iwo a m'makampani okhala ndi intaneti yosaduka, ndiye musadzizunze poyerekeza manambala anu ndi awo. Dzifanizireni ndi inu nomwe a mwezi watha.

Ine ndimawonjezera danga lina limene mabuku a kunja alibe: maola otayika chifukwa cha magetsi kapena intaneti. Mu 2019 madzi atachepa ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, madera ambiri a Harare ankakhala maola okwana 18 patsiku opanda magetsi, ndipo zoterezi zimabwererabe. Mukapanda kulekanitsa maola amenewa, mudzaimba mlandu njira yanu pa zimene zachitika ndi chilala. Mukawalekanitsa, mwina mudzapeza kuti kukonza kwanu koyamba si kwa code ayi, ndi kugula batire ndi sola.

Powerenga zotsatira musadalire avereji. Tiyerekeze ntchito zisanu zinatenga masiku 2, 3, 3, 4 ndi 38. Avereji ndi masiku 10, nambala yosafanana ndi ntchito ina iliyonse mwa zisanuzo. Zindandalikeni kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, mutenge yapakati, yomwe ndi 3. Kenako ya masiku 38 ija muikambirane payokha, chifukwa nkhani yeniyeni ili mmenemo.

Chachisanu: sinthani chinthu chimodzi

Chosinthacho chichokere ku zimene manambala akuonetsa. Ngati zolakwika zambiri zikulowera pa kusamvana ndi kasitomala, yambani chizolowezi ichi: pempho lililonse, ngakhale libwere ndi mawu ojambula, mmodzi wa inu alilembe m'ziganizo zitatu kapena zinayi, alibwezere kwa kasitomala, ndipo ntchito isayambe mpaka atayankha kuti n'zomwezo. Makasitomala ena amaona ngati mukuwakayikira. Auzeni mwaulemu kuti, "Bambo, tikufuna tisakuonongereni ndalama pa chinthu chimene simunapemphe." Ambiri amamvetsa.

Ngati vuto ndi lofanana ndi lathu lija, lamulo likhale lakuti code imene siili mu Git kulibe. Wokonza chinthu ku shopu ya kasitomala asakwere kombi yobwerera asanaikankhire pamalo a onse. Ife tinawonjezeranso china: dzina la ndalama, mtengo wosinthira ndi misonkho zonse tinazichotsa mkati mwa code n'kuziika pa tebulo limodzi. Dziko limene linayamba kugwiritsa ntchito ndalama zakunja mu 2009, n'kubweretsa msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa makina mu 2018, dola ya RTGS mu 2019 ndi ZiG mu 2024, si dziko lolembera dzina la ndalama m'malo makumi anayi osiyana.

Ngati zolakwika zili mu code yeniyeniyo, yambani kuwerengerana code. Michael Fagan wa ku IBM anafalitsa mu 1976 njira yoyendera code mwadongosolo, ndipo ndi imodzi mwa njira zimene zafufuzidwa kwambiri pa ntchito yathuyi. Mu njira yake muli wotsogolera zokambirana, mwini code, wowerenga ndi woyesa. Aliyense amakonzekera payekha, msonkhano supitirira maola awiri, ndipo cholinga ndi kupeza zolakwika, kukonza kumachitika pambuyo pake. Kagulu kakang'ono sikangakwanitse anthu anayi pa chosintha chilichonse, koma mfundo zake zitengeni: munthu wachiwiri aone code isanapite, aone pang'ono panthawi imodzi, mizere mazana awiri kapena atatu, akhale ndi kamndandanda ka zolakwika zimene inuyo mumachita kawirikawiri, ndipo alembe zimene wapeza. Mukamupatsa mizere zikwi ziwiri Lachisanu madzulo adzangoti "zili bwino" n'kuthamangira kokwerera makombi ku Copacabana.

Ngati ntchito zikungodikira, chepetsani zimene mwayamba. Lembani pa bolodi mizati itatu, zodikira, zimene zili m'manja ndi zotha, ndipo mugwirizane kuti munthu asakhale ndi ntchito zopitirira ziwiri m'manja. Maganizo amenewa anachokera ku mafakitale a Toyota. Amapweteka sabata yoyamba, chifukwa amakukakamizani kuuza kasitomala wina kuti adikire.

Pa zinayi zimenezi tengani chimodzi chokha. Mukasintha ziwiri nthawi imodzi ndipo zinthu n'kuyenda bwino, simudzadziwa kuti mankhwala anali ati.

Chachisanu ndi chimodzi: khalani pansi muonenso

Pakatha masabata ofanana ndi amene munayeza poyamba, ikani manambala akale ndi atsopano pambali pambali. Ntchito zanu n'zochepa, mwina khumi kapena makumi awiri, choncho kusiyana kwakung'ono kukhoza kukhala mwayi chabe. Ngati zobwerera zachoka pa zisanu ndi chimodzi kufika pa zisanu, musaphe nkhuku. Pitirizani kuyeza. Ngati kusinthako kukuoneka ndi maso, lembani chizolowezi chatsopanocho pa tsamba limodzi, kuti wophunzira wa ku Harare Institute of Technology kapena ku University of Zimbabwe akabwera pa attachment achiwerenge tsiku loyamba. Ngati sichinathandize, chisiyeni popanda manyazi, musankhe china.

Msonkhano umenewu uli ndi msampha umene ofufuza a kunja sautchula mokwanira. Ife tinaleredwa kuti mwana satsutsa wamkulu pagulu. Bwana akakhala kumutu kwa tebulo n'kufunsa kuti "chavuta n'chiyani", achinyamata amayang'ana pansi, ndipo amene akudziwa bwino pamene nsapato ikufinya ndi iwowo. Gawani timapepala, aliyense alembe payekha chimodzi chimene chayenda ndi chimodzi chimene chikumuvuta, osalemba dzina, ndipo wina amene si bwana awerenge mokweza. Akuluakulu alankhule pomaliza. Ndinaona mtsikana wina wa pa attachment, amene sankatsegula pakamwa mwezi wonse, akulemba pa kapepala kuti mayeso athu onse tinkachitira pa data ya shopu imodzi yosalembetsa msonkho wa VAT. Enafe tinali titakhala ndi vutolo chaka chathunthu osaliona.

Ndipo manambalawa asasanduke chikwapu. Fagan yemwe anachenjeza kuti zotsatira za kuyendera code zisagwiritsidwe ntchito poweruza wolemba code. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anaonanso mu 1975 kuti nambala ikangosanduka chinthu chimene anthu akuweruzidwa nacho, imasiya kunena zoona. Mukayamba kudula malipiro a munthu chifukwa cha ma bug, zolakwika za mu pulogalamu, mwezi wotsatira spreadsheet idzakhala yoyera, makasitomala akulirabe. N'chifukwa chake ine sindiika danga la dzina la wolakwitsa. Danga la chifukwa ndi lokwanira.

Za satifiketi

Ena mufunsa ngati zonsezi zimathera pa pepala lopachika pakhoma. Zikhoza kutero. Mabanki ndi mabungwe akuluakulu nthawi zina amafuna umboni wa miyezo pa ma tenda awo, ndipo Standards Association of Zimbabwe, yomwe ndi membala wa ISO, ndi kumene mungafunse za kugula miyezo ndi za satifiketi ya ISO 9001, muyezo wa kayendetsedwe ka ubwino wa ntchito. Langizo langa n'lakuti mupiteko mutazungulira kale njira ili pamwambayi katatu kapena kanayi. Woyesa akabwera amafuna kuona mapangano olembedwa, mbiri ya zosintha, zotsatira za mayeso ndi zimene munakambirana pa misonkhano, za miyezi ingapo. Zimenezi zisungeni mu foda imodzi kuyambira sabata yoyamba, fayilo iliyonse ikhale ndi tsiku lake, ndipo kope lina likhale kunja kwa ofesi.